Timatumba ta kwa Mchaina

Abale ndi alongo, akulu a mpingo andipempha kuti ndiime pano lero ndipo ndavomera, ngakhale ndaona ena mukukodolana nditangodzuka pa benchi. Musavutike ndi kunong'ona. Ndine yemweyo, Jailosi wa kantini ya ku Namadzi, uja anakagona ku ndende chaka cha njala. Ambiri muno mumagulitsa zolowa m'mimba mwa anthu, wina mandasi, wina nsomba zouma, wina thobwa pamsika. Mawu angawa ndi anu. Enanu mungomvera, poti nkhani ya kugwa kwa munthu imakoma m'makutu.

Kantini ija sindinayambitse ndine. Anayambitsa ndi amalume anga, malemu a Mulinga. Iwo anapita ku Joni wapansi ngati anzawo onse, koma ku mgodi anawakana chifukwa cha chifuwa. Ndiye anapeza ntchito yotsuka mbale m'nyumba yodyera ya Mchaina wina amene ankaphikira anthu a ku migodi. Anakhala kumeneko zaka zambiri. Pobwera kumudzi sanabwere ndi njinga kapena jekete. Anabwera ndi kamtengo kosalala kopyapyalitsira ufa wokanda, ndipo anthu a kwathu ku Ndunde anawaseka mpaka kugwira nthiti.

Kusekako sikunakhalitse. Amalume anamanga kanyumba ka zidina m'mbali mwa msewu wa ku Zomba n'kuyamba kuphika chinthu chimene kuno kunalibe amene anachionapo. Ankakanda ufa wa tirigu, kuupyapyalitsa mpaka ukaukweza padzuwa uziona mthunzi wa zala zako, n'kuikamo nyama yowaza bwinobwino pamodzi ndi kabichi, anyezi, adyo ndi tsabola pang'ono. Kenako ankapinda m'mphepete ngati mmene telala amapindira nsalu. Sankakazinga ayi. Ankayala pa kalichero ka nsungwi pamwamba pa mphika wa madzi owira, n'kuvundikira kuti tipse ndi nthunzi. Ukaluma, msuzi unkatuluka n'kukuotcha lilime, koma sunkalavula. Anthu anatitcha timatumba, ndipo malowo anangowatcha kwa Mchaina, ngakhale Mchaina weniweni sanapondepo.

Amalume anali ndi lamulo limodzi losasunthika. Bwana wawo wa ku Joni ankaikamo nkhumba, koma iwo ankati msewu uwu ndi wa anthu onse, ndipo Ayao achisilamu ndi ambiri. Choncho ankaika mbuzi yokha, yozingidwa ndi mnzawo wapamtima, Che Amidu, Msilamu amene ankakhala kuseri kwa msika. Che Amidu akazinga mbuzi mmawa, ankasamba m'manja n'kukhala pa benchi ya pakhonde, n'kukhala woyamba kulawa. Myao aliyense wodutsa akaona Che Amidu akudya, ankalowa osafunsa kanthu.

Ine ndinakulira m'khitchini imeneyo. Maso a amalume atayamba kuchita chifunga, anandiitana n'kundipatsa kamtengo kaja.

"Jailosi, manja uli nawo, kuposa anga," anatero. "Chimene sindikudziwa ndi mtima wako ukadzaona ndalama."

Ndinaseka. Ndinkayesa nthabwala za munthu wokalamba.

Iwo anabwerera ku Ndunde kukakhala ndi mayi anga, ine n'kutsala ndi kantini pamodzi ndi akazi anga, amake Dorika. Inali nthawi imene asilikali ankabwera kuchokera ku nkhondo matumba ali tutututu. Malole ankaima pakhomo panga, makalaliki a m'maesiteti a fodya ankabwera pa njinga, ngakhale Amwenye ankatuma antchito awo kudzagula. Ndinagula nsapato. Ndinagula chipewa. Ndinapezanso anzanga, ndipo wamkulu wa iwo anali Bizaliyeli, munthu woweta nkhumba cha ku Mauwa, amene ankadziwa nyumba iliyonse yotcheza kachasu kuchokera ku Namadzi mpaka kuphiri.

Kugwa kwanga sindikukometsa. Ndinayamba kudzuka mochedwa, mutu ukulemera. Ufa ndinasiya kupyapyalitsa, timatumba tinayamba kutuluka tokhuthala ngati chikopa cha ng'oma. Nyama ndinachepetsa, kabichi n'kuchulutsa. Totsala tadzulo ndinkatenthetsanso n'kusakaniza ndi tatsopano. Anthu ankadandaula pang'ono, koma ankabwerabe, chifukwa dzina la amalume linali likadagwira ntchito. Ndipo ine ndinaphunzirapo phunziro loipa, loti munthu akakukhulupirira ukhoza kumudyetsa chilichonse.

Tsiku lina tili pa mowa Bizaliyeli anati, "Achimwene, mbuzi ikukudyerani phindu. Nkhumba yanga ndi yotchipa, ndiponso yamafuta. Mukawaza n'kuthira adyo, adziwa ndani?"

Ndimvereni bwino apa. Imeneyi sinali njala. Njala inali isanafike, nkhokwe zinali zodzaza. Ndimanena izi chifukwa ndinakhala nthawi yaitali ndikunamizira njala, ndipo ena mwa inu munandithandiza kunamako pondimvera chisoni.

Ndinauza Che Amidu kuti ndapeza Msilamu wina wa ku Limbe amene azinditumizira nyama yozingazinga pa lole, kuti iwo apume. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino mwanangu, bola akhale wozinga mwa lamulo." Anapitiriza kubwera mmawa kudzakhala pa benchi yawo, ine n'kumawapatsa mbale ndi manja awiri. Ankadya pakhonde, Ayao odutsa n'kumawaona, n'kumalowa.

Amake Dorika atadziwa, anapukuta manja awo n'kuchoka patebulo.

"Abambo a Dorika, ine zimenezi sindipinda nawo," anatero. "Munthu amene uja amakutchulani mwana wake."

Ndinawamenya. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso m'khitchini.

Kenako mvula inadula, chimanga chinapserera m'minda, njala ija inafika. Simufuna kuti ndikuuzeni za iyo, nonse munaika maliro. Ufa wa tirigu unasowa, ine n'kumasakaniza ndi wa chinangwa ndi gaga. Mbuzi zinatha m'midzi. Nkhumba za Bizaliyeli zinayamba kufa zokha m'khola, kaya ndi njala kaya ndi matenda. Iye ankabweretsa nyamayo m'thumba, ine n'kumathira tsabola wambiri. Ina inafika itayamba kale kubiriwira, fungo lake ngakhale agalu owonda a chaka chimenecho akanaganiza kawiri. Ndinaitsuka ndi madzi a mchere, kuiwaza, n'kupinda. Ndinali nditaledzera, koma osati mpaka kusadziwa chimene ndikuchita.

Tsiku limenelo Che Amidu sanadye. Anandipempha kuti ndiwakulungire m'tsamba la nthochi, akapatse akazi awo, Abiti Saidi, amene anali atafooka kwambiri ndi njala. Ndinakulunga.

Anthu ambiri anadwala m'mimba, ena ananyamulidwa pa machira kupita ku chipatala cha amishoni. Onse anachira kupatula Abiti Saidi. Apolisi atabwera, Bizaliyeli ndiye anali woyamba kulankhula. Anaima pa khoti la ku Boma atavala jekete limene ndinamugulira ine, n'kunena kuti iye ankandigulitsa nyamayo kuti ndizidyetsa agalu. Anaulula zonse za nkhumba, kuyambira pachiyambi, Che Amidu atakhala pomwepo akumva. Za imfa ija woweruza anati palibe umboni, poti chaka chimenecho anthu ankafa ndi m'mimba paliponse. Anandimanga chifukwa chogulitsa nyama yowola basi, ndipo ananditumiza ku Zomba.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndende inandisintha. Ayi. Ndinkaphwanya miyala ndikutukwana Bizaliyeli, ndikutukwana mvula, ndikutukwana Amwenye amene ankabisa ufa. Nditatuluka, ndisanaone mwana wanga, ndinayamba ndadzera ku nyumba ya kachasu. Nditafika kwa akazi anga, alongo awo anandichingamira pabwalo atanyamula mkeka wanga ndi chipewa chija. Ndinali mkamwini, ndinangolandira n'kumapita. Kantini ndinaipeza denga litagwera mkati, ndipo pakhoma wina anali atajambula nkhumba ndi khala.

Ndinapita ku Ndunde. Mayi anandipatsa chakudya osandiyang'ana kumaso. Amalume anali atachita khungu kotheratu, atakhala pakhonde ndi ndodo yawo. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Masiku anapita tikukhala bwalo limodzi ngati sitidziwana. Ine mumtima ndinkati, akwiye, nanga njala ndinailenga ndine?

Mmawa wina anangoti, "Jailosi, gwira ndodoyi kutsogolo. Undiperekeze kwa Che Amidu."

"Amalume, kumeneko akandipha."

"Akakupha ndiye kuti akuchitira chifundo. Tiye."

Tinayenda, ine kutsogolo, iwo m'mbuyo, ndodo pakati pathu. Munthu wokalamba, chifuwa chikulira, tinkapuma pansi pa mtengo uliwonse. Tinafika dzuwa litapendeka, n'kupeza Che Amidu atakhala pa chikopa cha mbuzi pabwalo pawo akuluka chingwe. Anali atawonda, ndevu zitayereratu. Atationa sanadzuke, sanatipatse mpando.

Amalume anasiya ndodo, anafufuza pansi ndi manja, n'kugwada pafumbi. Munthu amene ankandinyamula paphewa ndili mwana, amene sanagwadirepo ngakhale mzungu wa msonkho. Ine ndinangoima ngati chitsa.

"Achimwene, ndabwera ndine wolakwa," anatero amalume. "Ndinakuuzani ndi pakamwa panga kuti pakhomo paja muzidya osafunsa. Ndinamupatsa kamtengo kanga mwanayu ndikudziwa kuti mtima wake sindinauone. Mlanduwu ndi wanga."

Che Amidu anapitiriza kuluka chingwe chawo kwa kanthawi. Kenako anati, "Che Mulinga, dzukani, mawondo anu ndi okalamba. Inu simunandidyetse kanthu." Amalume sanadzuke. Ndiye Che Amidu anatembenukira kwa ine, ndipo sanakweze mawu.

"Jailosi, khoti silinandifunse mmene mkazi wanga anadyera. Ndikuuze iwe. Sankatha kudzuka, ndiye ndinamutsamiritsa pachifuwa panga. Ndinatsegula tsamba lija. Atalawa anati, Che Amidu, izi zasintha, sizikununkhira ngati kale. Ine ndinati, idya, ndi za kwa mwana wathu Jailosi, njala yakuwononga lilime. Anafuna kundisiyirako, ine ndinakana. Ndinamudyetsa ndi dzanja ili mpaka anamaliza tonse."

Anatambasula dzanjalo kuti ndilione.

"Mkazi amene sanalumphepo swala, mapemphero athu, kuyambira utsikana wake, wapita kwa Mulungu ndi nkhumba yowola m'mimba, ndipo womudyetsa ndine. Iwe unakagona ku Zomba n'kutuluka. Ine ndituluka liti?"

Abale, ndinali nditamva mawu a woweruza, a apolisi, a alamu anga, ndipo onsewo ndinali ndi chowayankha mumtima. Koma apa panalibe womunamizira. Bizaliyeli panalibe. Mvula panalibe. Panali ine amene ndinakulunga tsamba lija ndi kulimanga bwino ndi luzi kuti msuzi usatayike panjira. Ndinagwada pambali pa amalume ndipo ndinalira mpaka akazi a nyumba zoyandikana anatuluka kudzaona. Che Amidu sananditonthoze. Anadikira ndimalize, n'kuitanitsa madzi akumwa a amalume, n'kutiuza kuti tizipita kusanade.

Kubwerera kwanga kunalibe chozizwitsa, ndiye ndikuuzani mmene zinalili, mwina wina atolapo kanthu. Mowa sindinausiye ndi pemphero lokha. Ndinasiya njira. Kuchokera ku Ndunde kupita ku Namadzi kuli kanjira kachidule kodzera pa nyumba imene ndinkamwera, ndipo mpaka lero ndimazungulira kumsewu, ngakhale mvula ikugwa. Ndinapita kwa akulu a mpingo uno n'kuwauza zonse, za nkhumba ndi za kumenya akazi anga zomwe, ndipo anandikhazika benchi ya kumbuyo nthawi yaitali. Ndinagwa kawiri. Kachiwiriko mayi anandipeza ndili m'ngalande ya m'munda mwa nyemba, ndipo anangondifunditsa nsalu yawo n'kupitiriza kupalira. Nsalu imeneyo inandipweteka kuposa chikoti cha ku ndende.

Ndinagwira ganyu pa esiteti ya fodya mpaka ndinapeza zogulira udzu wofolera ndi thumba la ufa. Ndinafunsa amalume ngati kuli bwino kutsegulanso kapena ndingokhala wolima. Iwo anati, "Ukathawa, anthu adzakumbukira nkhumba yokha. Koma usatsegule popanda wozinga."

Ndinapita ndekha kwa Che Amidu. Ndinagwada patali n'kunena chimene ndabwerera.

"Ndidzazinga," anatero. "Usaganize kuti ndi chifukwa cha iwe. Ndikakana, upeza wina amene sakukudziwa, ndipo anthu anga adzadyanso uve. Mbuzi izizingidwa pabwalo, anthu akuona. Nyama usalowe nayo m'nyumba."

Ndinagumula khoma la khitchini. Tsopano ndimawaza nyama, kukanda ndi kupinda pakhonde, aliyense wodutsa akuona m'manja mwanga. Ndimaphika tochepa toti tithe masana, totsala ndimadya ndekha kapena kupatsa akhungu a pamsika tsiku lomwelo. Ufa ukasowa ndimatseka, sindisakaniza. Amalume anasamukira kwa ine, ndipo mmawa uliwonse ankalawa koyamba. Nthawi zambiri ankalavula n'kunena kuti, "Chikopa, yambiranso." Tsiku lina analawa, anatafuna pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja kufuna kena. Anamwalira chaka chomwecho nthawi yokolola.

Tsopano anthu amafunsana m'malole ndi pamsika kuti, kodi kwa Mchaina kukadali ngati kale? Ndikuyankheni ine wophika. Timatumba timene ndimapinda lero ndi tofanana ndi ta amalume, mwinanso kuposa, poti manja anga ndi achinyamata ndipo mantha anandiphunzitsa kusamala. Koma mukafunsa anthu, akuuzani kuti kunatha kalekale. Ambiri onena zimenezo sanalaweko chitsegulirenso. Ena ndi aja ankadya ulere nthawi ya kachasu, akunditcha bwana. Ana a pamsika malo aja amawatcha kwa Nkhumba, ndipo amalira ngati nkhumba ndikamadutsa. Bizaliyeli ali ndi sitolo yake yamalata, amapereka moni kwa aliyense ndipo aliyense amamuyankha. Amake Dorika anakwatiwa ndi mmisiri wokonza njinga, munthu wabwino, sindingamunenere choipa. Dorika amadutsa pakhomo panga popita kusukulu, amagwada n'kundipatsa moni mwaulemu ngati mlendo. Ndikamupatsa kathumba amalandira ndi manja awiri, koma ndinamuona tsiku lina akukapatsa galu kuseri kwa sitolo. Sindinamufunse. Amayi ake anamuuza zoona.

Mulungu anandikhululukira, ndimakhulupirira zimenezo, apo ayi sindikanaima pano. Koma wina asakunamizeni kuti ukalapa zonse zimabwerera m'malo mwake. Iwe mlongo amene umathira madzi mu thobwa, iwe mbale amene umabisa nsomba zowola pansi pa mulu, ndikudziwa chimene umadziuza, chifukwa ndinkadziuza chomwecho: adziwa ndani. Mwina sadzadziwa. Koma alipo wina amene akugula kwa iwe osanunkhiza, chifukwa amakuyesa mwana wake, ndipo akupita nazo kwa wodwala wake.

Che Amidu amabwerabe mmawa uliwonse. Amazinga mbuzi pabwalo, amasamba m'manja, n'kuima pambali kuyang'ana mpaka nditamaliza kuwaza. Pa benchi sakhala. Kangapo ndawapatsa mbale ndi manja awiri, ndipo amangopukusa mutu mwaulemu. Sabata yathayi kunabwera mlendo wina wa kofiya yoyera, wochokera cha ku Zomba. Anaima pakhomo, fungo litamukoka, n'kufunsa Che Amidu ngati Msilamu angadye pamenepa. Ine ndinali pomwepo, ufa uli m'manja.

"Mbuzi ndazinga ndine, ndipo ndaona akuwaza," anatero Che Amidu. "Idyani, ndi zabwino."

"Nanga inu simudya nawo?" anafunsa mlendoyo.

"Ine ndinakhuta kale," anatero. Anapukuta mpeni wawo n'kumapita.